Akakupatsani mawu pa siwa, mulankhule bwanji za imfa, kumwamba ndi chiweruzo

Zimachitika chonchi nthawi zambiri. Mwapita kukagona pa siwa ngati wina aliyense, mwatenga jekete kapena chitenje chofunda, azibambo ali panja pa moto azimayi ali mkati akuimba, nde cha m'ma 9 koloko usiku wapampando akubwera kudzakunong'onezani kuti "akulu, abusa abwera mawa pa mwambo, lero mutigawireko mawu ndinu." Mtima umangoti myuu. Izi zimagwera mkulu wa mpingo, mayi wa Mvano kapena Chigwirizano, mayi wa Dorika, wapampando wa mphakati, olo mnyamata wa kwaya amene anthu amuona kuti amakonda Baibulo. Ine zinandigwera koyamba ndisanakonzeke ngakhale pang'ono, ndipo zimene ndalemba panozi zambiri ndaphunzira polakwitsa komanso pomvera achikulire amene akhala akuima pa maliro zaka zambiri kuposa ine.

Choyamba chimene muyenera kukhazikitsa mumtima musanaime n'choti ntchito yanu usiku umenewo si kulowetsa malemu kumwamba ndiponso si kuwaponya ku moto. Makiyi amenewo simunapatsidwe inu, sindinapatsidwe ine. Yohane 5:22 imati Atate anapereka kuweruza konse kwa Mwana, ndipo Paulo pa 1 Akorinto 4:5 akuti tisaweruze kanthu nthawi isanakwane, mpaka Ambuye adzabwere amene adzaonetsa poyera zobisika za mumtima. Mukagwira chimenechi zinazo zimapepuka, chifukwa mantha ambiri a munthu wopatsidwa mawu pa siwa amachokera pa funso loti "nanga ndinene kuti malemuwa apita kuti?"

Musanatsegule Baibulo funsani kaye. Pezani wachibale mmodzi amene sakulira kwambiri, amalume kapena azakhali, mukokereni pambali mumufunse mwaulemu kuti malemu anali ndani, anadwala nthawi yaitali kapena zangochitika mwadzidzidzi, asiya ana angati, amapemphera kuti, ndipo mayi awo kapena akazi awo ali m'nyumbamo kapena ayi. Mphindi zisanu zimenezi zimakupulumutsani ku zambiri. Ndinaonapo munthu akulalika za "moyo wautali umene Mulungu anawapatsa" pamene womwalirayo anali mtsikana wa ku sekondale, chabe chifukwa sanafunse. Funsaninso kuti pakhomopo pali mipingo iti, poti maliro akwathu kuno sasankha mpingo, pa mkeka umodzi pamakhala a CCAP, a Katolika, a Seventh Day, a Pentekoste, a Mboni, anzathu achisilamu komanso ena amene sapita kulikonse, onsewo abwera kudzalira nawo.

Kenako sankhani ndime imodzi basi. Imodzi. Ambirife timaganiza kuti kuwerenga mavesi khumi ndiye kuonetsa kuti timadziwa mawu, koma munthu amene wataya mwamuna wake dzulo sangasunge mavesi khumi, mwina atola chiganizo chimodzi chokha n'kumachikumbukira zaka. Werengani ndimeyo kawiri chamumtima pa tochi musanaime. Ngati muli ndi Buku Lopatulika lija la 1922 dziwani kuti Chichewa chake ndi chakale, mawu ena achinyamata sawamva, nde muwerenge modekha ndipo mawu ovutawo muwamasulire pompo. Buku Loyera la 1998 ndi losavuta kumva. Amene mumawerenga pa foni onetsetsani kuti batire lilipo ndipo muzimitse data, meseji isamalire pakati pa vesi.

Ndime imene ine ndimathamangirako kawirikawiri ndi Yohane 11, nkhani ya Lazaro wa ku Betaniya, chifukwa nkhaniyo ndi siwa yeniyeni. Muli alongo awiri ofedwa, muli anthu obwera kudzapepesa kuchokera ku Yerusalemu, mtembo wagona m'manda masiku 4, ndipo muli kudandaula. Marita akuuza Yesu maso ndi maso kuti Ambuye mukadakhala kuno mlongo wanga sakadafa, Mariya naye akubwera kudzanena zomwezo. Taonani kuti Yesu sanawakalipire kuti alibe chikhulupiriro. Ndipo pa vesi 35 Yesu analira, munthu amene ankadziwa bwino lomwe kuti pakangotha kanthawi amuukitsa Lazaro. Apa pokha pali uthenga wokwanira usiku wonse: kulira si tchimo, ndipo kufunsa Mulungu kuti munali kuti si kugwa m'chikhulupiriro. Ndiye chonde siyani mawu aja oti "musalire, mukulira ngati osapemphera." Paulo pa 1 Atesalonika 4:13 sanaletse kulira, anati tisalire monga ena amene alibe chiyembekezo, kusiyana kwake n'kwakukulu. Stefano ataponyedwa miyala, Machitidwe 8:2 imati anthu opembedza anamuika ndipo anamulira maliro aakulu. Ngati anthu opembedza a mpingo woyamba analira kwambiri choncho, mayi wa pa Ndirande kapena ku Mitundu timuletserenji.

Pali mawu ena amene timawakonda pa maliro amene amamveka okoma koma m'Baibulo mulibe ndipo amapweteka. "Mulungu wathyola duwa lake lokongola." "Anamufuna kwambiri kumwamba." "Wasanduka mngelo." Tangoganizani mwana wa zaka 7 akumva kuti Mulungu watenga mayi ake chifukwa amawafuna, mwanayo akula akuganiza zotani za Mulungu ameneyo? Baibulo limatchula imfa kuti mdani, 1 Akorinto 15:26 imati mdani wotsiriza amene adzathetsedwe ndi imfa. Munthu sasandukanso mngelo, angelo ndi zolengedwa zina. Nenani zoona, kuti imfa ndi yowawa, yatilanda munthu, ndipo Mulungu ali mbali ya olira, sali mbali ya imfayo.

Tsopano funso lija, ali kuti panopa? Apa mipingo yathu imasiyana ndipo ndi bwino mudziwe kusiyanako kuti musayambitse mtsutso pa maliro a eni. A CCAP, a Baptist, a Pentekoste ndi ena ambiri amaphunzitsa kuti wokhulupirira akamwalira mzimu wake umakakhala ndi Khristu nthawi yomweyo podikira kuuka kwa thupi, amatengera pa Luka 23:43 pamene Yesu anauza wachifwamba uja pa mtanda kuti lero lino udzakhala nane m'Paradaiso, komanso Afilipi 1:23 pamene Paulo akulakalaka kuchoka kukakhala ndi Khristu. A Katolika amavomereza kuti munthu amaweruzidwa akangomwalira, koma amaphunzitsanso za puligatoliyo, kuyeretsedwa kwa amene anafa ali pa ubale ndi Mulungu koma asanayere kwathunthu, n'chifukwa chake amapempherera akufa, amachitira Misa, ndipo pa 2 Novembala amakumbukira mizimu ya okhulupirira onse amene anatisiya, mwa zina amatengera pa 2 Amakabeo chaputala 12. A Seventh Day amati akufa ali mtulo, sadziwa kanthu mpaka Yesu adzabwerenso, amawerenga Mlaliki 9:5 ndi mawu a Yesu oti Lazaro ali mtulo. A Mboni za Yehova nawo amati akufa sadziwa kanthu, ndipo chiyembekezo cha ambiri ndi kudzakhala m'paradaiso pa dziko lapansi pomwe a 144,000 okha ndiwo opita kumwamba. Ine ndili ndi mbali yanga, ndimakhulupirira kuti wofera mwa Ambuye ali ndi Khristu, ndipo pa kalasi ya Baibulo tingakambirane mpaka dzuwa kulowa. Koma pa siwa si malo opambanirana mavesi. Ngati maliro akuyendetsa ndi mpingo wanu nenani chiphunzitso cha mpingo wanu mofatsa osanyoza ena. Ngati mwangopatsidwa mpata pa maliro a mpingo wina imani pa zimene tonse timagwirizana, kuti malemu ali m'manja mwa Mulungu, kuti Yesu anauka, ndi kuti akufa adzauka.

Ndipo kunena zoona apa m'pamene pali mtima wa chiphunzitso chachikhristu, pamene ambirife timadumphapo. Timalankhula kwambiri za "kupita kumwamba" ngati nkhani imathera pomwepo, koma mu Chikhulupiriro cha Atumwi chimene timanena m'matchalitchi ambiri Lamulungu timamaliza ndi kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha. Thupi lomweli limene adzukulu alikumbira manda mawa m'mawa. Yesu atauka sanali chipukupuku kapena mzukwa, pa Luka 24 anauza ophunzira kuti amukhudze, anapempha chakudya n'kudya nsomba yowotcha iwo akuona. Paulo pa 1 Akorinto 15 akuti Yesu anaonekera kwa abale oposa 500 nthawi imodzi, kenako akufanizira kuika maliro ndi kufesa mbewu, kuti chimene wafesa sichimera chisanafe, chimafesedwa chovunda chimauka chosavunda, chimafesedwa chofooka chimauka champhamvu. Fanizo limeneli simufunika kulivutikira kwa anthu akwathu. Aliyense pa siwapo anakwirirapo njere ya chimanga mvula yoyamba itagwa, njere youma yooneka ngati yakufa, n'kudzaona phesi lalitali ndi ngaiyaye zake mu Febuluwale. Auzeni kuti mawa ku manda tikukadzala, ndipo mwini munda saiwala pamene anadzala. Kwa banja limene laona m'bale wawo akuwonda miyezi ndi miyezi pa bedi ya chipatala, mawu oti thupi lofookalo lidzauka lamphamvu amalowa kwambiri kuposa nkhani za misewu ya golide.

Mukafuna kunena za kumwamba werengani Chivumbulutso 21:1 mpaka 4 ndipo muone bwino kumene zinthu zikulowera, mzinda woyera ukutsika kuchokera kwa Mulungu, Mulungu akudzakhala ndi anthu ake, akupukuta misozi yonse, imfa kulibenso, kulira kulibenso, zowawa kulibenso. Musawonjezerepo za m'mutu mwanu kapena za m'maloto a anthu amene amati anapitako n'kubwerako, zimene zalembedwazo zakwana. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinakokolola anthu ku Chilobwe ndi madera a ku Mulanje ndi Phalombe ndipo ena matupi awo sanapezeke mpaka lero, ndinamva funso limene sindinaliganizirepo kale, loti munthu amene alibe manda adzauka bwanji. Chivumbulutso 20:13 imati nyanja inapereka akufa amene anali m'menemo. Amene anaumba munthu ndi dothi sangasowe pamene munthu wake wagona, kaya ndi pansi pa matope, kaya m'nyanja, kaya ku Joni kumene achibale analephera ndalama yobweretsera thupi.

Za chiweruzo musazithawe, zilipo ndithu, Ahebri 9:27 imati kwaikidwa kwa anthu kufa kamodzi kenako chiweruzo, ndipo 2 Akorinto 5:10 imati tonse tidzaonekera ku mpando woweruzira wa Khristu. Koma tamverani mawu akuti tonse. Chiweruzo muchilankhule kwa ife amoyo, inuyo wolankhula mukhale woyamba pa mzere, osati kuloza bokosi. Sindidzaiwala maliro ena a mnyamata amene ankamwa kwambiri kachasu, wolalika anaima n'kunena kuti tonse tikudziwa kumene uyu wapita, mayi ake a mnyamatayo ali pompo pa mphasa. Mayi aja anali wa mpingo wokhulupirika, mwana wawo anamupempherera zaka zambiri, ndipo kuchokera tsiku limenelo anatha nthawi yaitali osaponda ku tchalitchi. Wolalikayo anadziwa bwanji? Analipo pa maola otsiriza a mnyamatayo? Wachifwamba wa pa mtanda uja akadakhala wa m'mudzi mwathu tonse tikadati watayika, koma anatembenuka kutatsala maola ochepa ndipo amene anamva anali Yesu. Munthu amaona zakunja, Mulungu amaona mumtima, 1 Samueli 16:7.

Mbali inayonso ndi yolakwika, kumuyeretsa munthu amene mudzi wonse ukudziwa kuti ankamenya mkazi wake kapena kulanda minda ya amasiye, n'kumati panopa akuimba ndi angelo. Anthu samayankha koma mumtima amati awa ndi abodza, ndipo mawa mukadzanena zoona sadzakukhulupiriraninso. Pa maliro ovuta choncho mawu amene ine ndimagwiritsa ntchito ndi a Abrahamu pa Genesis 18:25, oti woweruza wa dziko lonse lapansi adzachita chilungamo. Mumangoti m'bale wathuyu tamupereka m'manja mwa Mulungu amene amamudziwa kuposa ife, wachilungamo komanso wachifundo, basi n'kutembenukira kwa amoyo. Simunaname ndipo simunabaye munthu.

Kwa amoyowo muwauze ziwiri zonse. Chipulumutso ndi chisomo, sitichigula ndi ntchito kapena ndi chopereka, Aefeso 2:8 ndi 9. Komanso pa Mateyu 25, pamene Mfumu ikulekanitsa nkhosa ndi mbuzi, mafunso ake ndi a njala, ludzu, mlendo, wamaliseche, wodwala ndi wa m'ndende. Apa ngati mwalimba mtima, ndipo ine ndikuti limbani mtima, nenani mwaulemu kuti Mulungu amene tidzaime pamaso pake akuona mmene tichitire ndi mayi wamasiyeyu ndi ana awa anthu akabalalika. Timadziwa zimene zimachitika m'mabanja ena, maliro asanathe ena ayamba kale kuwerenga malata ndi mipando. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuletsa, ndipo Yakobo 1:27 imati chipembedzo choona ndi kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. Simukutchula dzina la munthu, koma amene anali ndi maganizo amenewo amva.

Imfa ikakhala yadzidzidzi, ngozi ya minibasi, mphezi, munthu kungogwa n'kufa, manong'onong'o amayamba usiku womwewo, ena akuti walodzedwa, ena akuti ndi chilango. Agogo osalakwa amenyedwapo ndi kuphedwa m'midzi mwathu chifukwa cha manong'onong'o otere. Luka 13 ndi yothandiza kwambiri apa, Yesu akunena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha, ndipo akufunsa ngati iwowo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, yankho lake ndi iyayi. Mawu anu odekha usiku umenewo akhoza kuzimitsa moto umene ukadapsereza banja lonse.

Akakhala mwana wamng'ono musachulutse zonena. Davide mwana wake atamwalira anati ine ndidzapita kwa iye koma iye sadzabwerera kwa ine, 2 Samueli 12:23, ndipo Yesu pa Marko 10:14 anati alekeni ana adze kwa ine. Ndipo chonde musauze mayiyo kuti "mudzabereka wina", mwana salowa m'malo mwa mnzake. Akakhala munthu amene wadzipha, nkhani ya mwambo wa mpingo isiyireni abusa ndi akuluakulu poti mipingo ili ndi malamulo osiyana, inu musafotokoze mmene zinachitikira, musaweruze, muuze banja kuti asamadziimbe mlandu, ndipo munene poyera kuti ngati pali wina pano amene mtima wake walemera choncho asakhale yekha, alankhule ndi munthu amene amamukhulupirira ndipo apite ku chipatala, matenda a maganizo ali ndi thandizo ngati matenda ena onse. Pa siwa yotere pamakhala achinyamata ambiri akumvetsera mwakachetechete.

Za kalankhulidwe ndi zochepa. Yambani ndi kupereka ulemu, kwa mfumu, kwa akuluakulu a mpingo, kwa anamfedwa. Malemu muwatchule mwaulemu, bambo athu, mayi athu, m'bale wathu, achemwali athu. Mphindi 10 kapena 15 zakwana, anthu atopa, ena sanadye, ena ayenda ulendo wautali. Musakuwe, olo pali maiki, anthu ofedwa makutu awo amakhala ngati bala. Ngati muli panja pa moto kumbukirani kuti ofedwa enieni ali mkati, yang'anani chakukhomo kuti mawu awafike. Kuitanira anthu kwa Yesu n'koyenera koma kukhale kuitana, osati kuopseza anthu ndi mtembo, mungonena kuti amene akufuna kuyanjana ndi Mulungu khomo ndi lotsegula ndipo tikhoza kucheza mukatha. Pomaliza pempherani mwachidule, mutchule akazi awo kapena amuna awo, ana, makolo, kenako muuze amayi ayambitse nyimbo imene aliyense akuidziwa, nyimbo za pa siwa zimafika pamene mawu athu alephera. Mukaona kuti pakhosi pakutsekeka misozi ikubwera, imani pang'ono mupume, palibe amene akudabweni.

Mukakhala pansi ntchito sinathe. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba aja pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu, zinayamba kuvuta atatsegula pakamwa kufotokoza chifukwa chimene wavutikira. Khalani mpaka kuche ngati mungathe, perekezani ku manda, ponyani chipepeso chanu ngakhale chochepa. Ndiye lembani penapake tsiku, kuti pakatha masabata awiri kapena atatu, masamba atachotsedwa pa msewu, achibale a kutali atabwerera, mapoto obwereka atabwezedwa, mupitenso pakhomopo, makamaka chakumadzulo nthawi imene malemu ankafika kunyumba. Mafunso enieni amatuluka nthawi imeneyo, mayi uja amakufunsani motsitsa mawu kuti kodi ndidzawaonanso, kodi adzandizindikira, kodi Mulungu anamva mapemphero anga aja kuchipatala. Tengani Baibulo lomwe lija, kapaketi ka shuga ngati muli nako, ndipo mupite awiri, ngati wofedwayo ndi mayi mupite ndi akazi anu kapena mayi wina wa mpingo.